Margaret Read, mbeta yophunzira imene idalemba za maukwati a Angoni ndi Achewa

Mu 1935 boma la atsamunda ku Zomba lidakhazikitsa komiti yoti ifufuze chifukwa chimene amuna ankathera m'midzi ya Nyasaland. Komitiyo, yomwe wapampando wake adali Travers Lacey, idapeza kuti amuna pafupifupi 120 000 adali kunja kwa dziko lino, ambiri a iwo m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia ndi South Africa. Ena ankatumiza ndalama ndi nsalu. Ena adasiya ngakhale kulemba kalata, ndipo awa ndiwo anthu adawapatsa dzina loti machona. Kumudzi kudatsala ana, nkhalamba ndi amayi amene pa dzina adali pabanja, koma khasu, msonkho ndi matenda a ana ankalimbana nazo okha.

Chaka chomwecho m'dziko muno mudafika mayi wina wa ku England, wa zaka pafupifupi 46, atangolandira kumene digiri ya PhD ku London. Dzina lake lidali Margaret Read. Sadakwatiwepo moyo wake wonse. Koma mwa azungu amene adalemba za banja la Amalawi nthawi ya atsamunda, ndi ochepa amene mawu awo adamveka patali ngati ake, makamaka pa funso loti mkazi wopanda mwamuna pakhomo amakhala bwanji, ndipo mudzi wotere umalimba kapena umagwa.

Margaret Helen Read adabadwa pa 5 Ogasiti 1889 ku Battersea, mumzinda wa London, m'banja la dokotala. Adaphunzira pasukulu ya atsikana ya Roedean, kenako adapita ku Newnham College, imodzi mwa makoleji awiri a akazi amene adali ku Cambridge, komwe adaphunzira mbiri yakale. Mayeso ankalemba ofanana ndi a anyamata, koma yunivesiteyo sinkapereka digiri yokwanira kwa mkazi. Idadzayamba kutero mu 1948, Read ali pafupi kukwanitsa zaka 60.

Kuyambira 1919 mpaka 1924 adali ku India, komwe ankagwira ntchito zothandiza anthu pansi pa mabungwe achikhristu. Kumeneko adaona koyamba zimene zimachitika amuna akachoka kumudzi kukafuna ndalama m'mafakitale a m'mizinda ikuluikulu. Adalembapo mabuku awiri, From Field to Factory mu 1927 ndi The Indian Peasant Uprooted mu 1931. Choncho pamene ankafika kuno, nkhani ya midzi yosiyidwa ndi amuna sidali yachilendo kwa iye.

Kwawo ku Britain, zaka zimenezo sizidali zabwino kwa mkazi wosakwatiwa. Nkhondo yoyamba ya dziko lonse idapha amuna a m'dzikomo oposa 700 000, ndipo kalembera wa 1921 adaonetsa kuti ku England ndi Wales akazi adaposa amuna ndi pafupifupi 1.7 miliyoni. Nyuzipepala zidaigwira nkhaniyo mwamphamvu. Zidawatcha akazi otsala, ngati katundu amene wakanika kugulika pamsika, ndipo zina zinkalangiza kuti awatumize ku maiko a atsamunda monga Canada ndi Australia akapeze amuna kumeneko. Mkazi wophunzira kwambiri ankajambulidwa ngati munthu wouma mtima amene wataya ukazi wake m'mabuku. Komanso malamulo a ntchito adali otsekereza: m'madera ambiri mphunzitsi wamkazi akakwatiwa ankayenera kusiya ntchito, mpaka lamulo la maphunziro la 1944 lidathetsa zimenezi, ndipo m'boma chiletsocho chidachotsedwa mu 1946. Kwa akazi a msinkhu wa Read, ukwati ndi ntchito zidali njira ziwiri zosiyana, ndipo wosankha imodzi ankadziwa kuti inayo waitseka.

Read adabwerera kusukulu ali wamkulu kale. Adalowa London School of Economics n'kukhala m'gulu la ophunzira a Bronislaw Malinowski, katswiri wa maphunziro a chikhalidwe cha anthu amene ankaumirira kuti wofufuza asamangofunsa mafunso pakhonde la bwanamkubwa kapena la mishoni, koma akakhale m'mudzi nthawi yaitali n'kuona zimene anthu amachita, osati zimene amanena zokha. M'gulu lomwelo mudali Audrey Richards, amene adafufuza Abemba a ku Zambia, ndi Lucy Mair, amene adayamba ndi Abaganda a ku Uganda. Onse awiri, ngati Read, sadakwatiwe. Read adalandira PhD yake mu 1934, ndipo bungwe la International Institute of African Languages and Cultures lidamupatsa ndalama zoti adzafufuze Angoni.

Adagwira ntchitoyi pakati pa 1935 ndi 1939. Adafika kwa M'mbelwa ku Mzimba, komwe Mbusa Yesaya Chibambo adamuthandiza kwambiri, adafikanso kwa Mpezeni ku Fort Jameson, yomwe lero ndi Chipata. Koma gawo lalikulu la zimene adalemba lidachokera ku mapiri ozizira a Dedza ndi Ntcheu, dziko la Angoni a Maseko. Aliyense woyenda pamsewu wa M1 amalidziwa dera limeneli: mbali ina Malawi, mbali ina Mozambique, ndipo pa Lizulu kachewere ndi kabichi zili mbwee m'mbali mwa msewu. Angoni a Maseko adakhazikika pa phiri la Domwe, kutsidya kwa malire, cha m'ma 1870, n'kulamulira Achewa ndi Antumba amene adawapeza. Ufumuwo udagawikana pa nkhondo ya pachibale, a Kachindamoto n'kutsikira ku Mtakataka, ndipo mu 1896 asilikali a Britain adapha Inkosi Gomani Woyamba. Pamene Read ankafika, pampando padali mwana wake, Philip Gomani Wachiwiri, amene likulu lake lidali pa Lizulu.

Nthawi yake idali yofunika. Mu 1933 boma lidali litangopereka mphamvu za makhoti ndi ulamuliro wa m'madera kwa mafumu, ndipo mafumu a Chingoni adali ndi chifukwa chokwanira choonetsera kuti iwo ndi mtundu wolamulira, wa malamulo ndi mwambo wolongosoka. Mzungu wobwera ndi kope kudzalemba mbiri yawo adamulandira ndi manja awiri. Read adalowera pa chipata cha mafumu, ndipo amene adamufotokozera dziko adali makosana, nduna ndi makhosikazi a m'nyumba zazikulu. Chipata chimene mlendo walowera ndicho chimamuonetsa mudzi.

Zimene adaona kumeneko adazilemba mwaluso, ndipo pa ichi ayenera kuyamikidwa. Pokhala mkazi wachikulire, adatha kukhala pansi ndi agogo ndi makhosikazi m'malo amene wofufuza wamwamuna sakadaloledwa. Mu 1937 adasindikiza nyimbo za Angoni m'magazini ya Bantu Studies, kuphatikizapo zotonthoza ana, za umsindo umene unkachitikira mtsikana asanakwatiwe, za mthimba ndi za maliro, pa nthawi imene Chingoni chinkatha m'kamwa mwa anthu n'kutsala m'nyimbo ndi m'mayamiko a mafumu. Adaonetsa kuti m'nyumba ya Chingoni mphamvu pa mwana sizidali kwa mayi womubereka yekha. Agogo a kuchimuna ndiwo ankalamula za kaleredwe, za nthawi yoletsa kuyamwa, ndipo mwana akasiya bere ankakagona kwa iwo. Mnyamata akagulula mano ankasamukira ku laweni, komwe anzake aakulu ankamuphunzitsa kuweta ng'ombe, kupirira ndi kumvera. Azungu ambiri a nthawiyo ankalemba za mkazi wa mu Africa ngati kapolo wogulidwa ndi ng'ombe. M'zolemba za Read, malowolo ndi pangano la mabanja awiri limene limapatsa ana mtundu, ndipo makhosikazi ndi anthu a ulamuliro, oopedwa ngakhale ndi amuna.

Koma dongosolo limeneli, monga momwe akuluakuluwo adalifotokozera, lidalibe malo a mkazi wodziimira payekha. Mtsikana adali wa bambo ake. Akalowoledwa adali wa banja la mwamuna. Mwamuna akamwalira, m'bale wake ankalowa chokolo, ndipo ana ankatsala kuchimuna. Mutu wa buku lake lotchuka, Children of Their Fathers, ukunena zomwezo: ana ndi a atate awo. Read adachita chidwi ndi kulongosoka kumeneku, ulemu wake ndi kudziletsa kwake, ndipo mu 1938 adalemba nkhani yonse m'magazini ya Africa yofotokoza malamulo a khalidwe a Angoni. Vuto lidadza pamene adatenga muyeso umenewu kukayesera Achewa.

Mwayi woyerekeza mitundu iwiriyi udabwera kawiri. Woyamba udali kafukufuku wa zakudya wa 1938 ndi 1939, wotsogozedwa ndi Dokotala Benjamin Platt m'boma la Nkhotakota, momwe adasankha midzi itatu: wa Angoni kumapiri, wa Achewa m'munsi mwa mapiri ndi wina m'mbali mwa nyanja. Gululo linkayeza minda, nkhokwe ndi chakudya cholowa m'poto, ndipo Read ndiye adali woona za chikhalidwe. Iye ndi Platt sadamvane, nkhondo yachiwiri idayamba, lipoti lidangokhala m'mafayilo. Wachiwiri udali kafukufuku wake wa 1939 wa midzi yosiyidwa ndi amuna, amene zotsatira zake zidatuluka mu 1942 mu International Labour Review, magazini ya bungwe loona za ntchito padziko lonse.

Mfundo yake idali yoti midzi ya Angoni inkapirira bwino kuchoka kwa amuna kusiyana ndi ya Achewa. Kwa Angoni, mkazi wa mtchona ankatsala pakati pa apongozi ndi alamu ake, amene adali ndi udindo womulimira, kumumangira nyumba ndi kumuyang'anira, pakuti ng'ombe zidaperekedwa ndipo ana adali awo. Kwa Achewa, mkamwini adalibe chomumanga pamudzi wa mkazi. Akapita ku Salisbury kapena ku Johannesburg, abale ake adalibe chifukwa chothandizira mkazi wokhala mudzi wina, ndipo alongo a mkaziyo, eni mbumba, nawonso mwina adali paulendo womwewo. Zotsatira zake, monga adazionera Read, zidali maukwati osalimba, minda yochepa ndi midzi yobalalika.

Sadaname pa za mavuto. Megan Vaughan, m'buku lake la 1987 lonena za njala ya 1949 m'boma la Blantyre, adapeza kuti amene adazunzika koposa adali amayi amene amuna awo adawathawa kapena adali kutali osatumiza kanthu. Koma pali zimene munthu woima pabwalo la inkosi sakadatha kuona. Mkazi wa Chichewa amene ukwati wake watha sachoka pamudzi. Munda ndi wake, dimba ndi lake, ana ndi a mbumba yake, ndipo amayi ake, azakhali ndi abale ake aakazi ali pafupi. Amene amanyamula thumba ndi mwamuna. Mkazi wa Chingoni amene Read adamuona wotetezedwa ankalipira chitetezocho ndi ufulu wake, chifukwa akati achoke ankasiya ana, ndipo kwawo ankayenera kuganiza za ng'ombe zija. Kusudzulana kumene Read adakuwerenga ngati chizindikiro cha mudzi wakugwa, kwa mkazi mwini wake nthawi zina kudali njira yotulukira m'banja la mwamuna amene adasowa zaka khumi.

Komanso Achewa adali ndi mwambo wawo wa ukazi, wakale kuposa kubwera kwa Angoni, m'mapiri omwewo. M'mapanga a Chongoni ku Dedza, amene bungwe la UNESCO lidawaika m'gulu la malo a chuma cha dziko lonse mu 2006, muli zojambula zoyera zimene akatswiri amazilumikiza ndi chinamwali cha atsikana ndi gule wamkulu. Ku Msinja, kufupi ndi Dzalanyama, udindo waukulu wopempha mvula udali m'manja mwa Makewana, mayi amene sankakhala ndi mwamuna pakhomo ngati akazi ena, ndipo ankatumikiridwa ndi matsano, atsikana osakwatiwa. Ndiye kuti m'chikhalidwe chimenechi mkazi wopanda banja adatha kukhala pampando wolemekezeka koposa. Akuluakulu a Chingoni amene ankacheza ndi Read ankanyoza chinamwali ndi nyau monga zinthu za anthu ogonjetsedwa, ndipo kunyozako kudalowa m'makope ake.

Amene adaifukula bwino nkhaniyi ndi Cynthia Brantley, katswiri wa mbiri wa ku America, amene mu 1997 adalemba nkhani yotchedwa Through Ngoni Eyes m'magazini ya Critique of Anthropology. Adawerenga zolemba za Read za kumudzi n'kuonetsa kuti mayiyu ankaona Achewa ndi maso a Angoni. M'magazini yomweyo Pauline Peters, amene adafufuza midzi ya ku Zomba zaka zambiri, adaonetsa kuti chikamwini, chimene azungu adachilosera imfa kalekale, chidakali chamoyo ndipo chikusungabe malo m'manja mwa akazi.

Apa pali chinthu chodabwitsa. Read adali mkazi amene nyuzipepala za kwawo zikadamuwerengera m'gulu la otsala. Adayenda yekha ku India ndi ku Africa, ankadya thukuta lake, ndipo dzina limene adatchuka nalo lidali lobadwa nalo. Komabe atafika m'midzi ya kuno, mtendere wa mkazi adauona m'nyumba imene muli mwamuna kapena abale a mwamuna omuyang'anira. Mwina adazindikira kuti ufulu wake udatheka chifukwa cha sukulu ndi malipiro, zimene mayi wa kumudzi adalibe. Koma mayi wa Chichewa adali ndi chinthu china cholowa m'malo mwa malipiro, ndicho nthaka, ndipo ichi Read sadachipatse kulemera kwake.

Maganizo oti chikamwini n'chobwezera chitukuko m'mbuyo sadayambe ndi Read. Amishoni ndi mabwana a boma ankawanena kale. Chimene iye adawonjezera ndi ulemu wa kafukufuku wa munthu wa PhD, wosindikizidwa m'magazini yowerengedwa m'maiko ambiri. M'zaka za m'ma 1940 ndi 1950 akuluakulu a zaulimi ankabwereza kuti mkamwini sangadzale mitengo kapena kusamala nthaka pamalo amene si ake, ndipo mlimi wachitsanzo m'maso mwawo adali mwamuna wokhala ndi mkazi ndi ana pamunda wakewake. Mu 1949 Lucy Mair, mnzake uja wa kwa Malinowski, adabwera ku Dedza, ndipo mu 1951 adasindikiza nkhani yotchedwa Marriage and Family in the Dedza District of Nyasaland. Motero maukwati a boma limodzi ndi madera oyandikana nalo adalembedwa kawiri m'zaka zosakwana 20, ndipo kawiri konse wolemba adali mbeta ya ku England.

Kaonedwe kameneka sikadathe ndi atsamunda. Kafukufuku wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2015 ndi 2016 adapeza kuti pafupifupi nyumba zitatu mwa khumi zilizonse m'Malawi mutu wake ndi mkazi, ndipo amuna akupitabe ku Joni monga ankachitira azigogo awo. Koma m'malipoti ambiri nyumba yotere imatchulidwa pofuna kuonetsa umphawi basi. M'masewero a pawailesi ndi m'nkhani za malangizo m'nyuzipepala zathu, mbeta yachikulire kawirikawiri imakhala yomvetsa chisoni kapena yolanda amuna a eni, ndipo mkazi wa madigiri amafunsidwabe kuti adzakwatiwa liti. Chichewa chenicheni n'chaulemu kuposa pamenepa: mkazi aliyense wamkulu timamutcha mayi, osayamba tafunsa ngati ali ndi mwamuna kapena mwana.

Read atabwerera ku London moyo wake udatsata njira ina. Mu 1940 adakhala mkulu wa nthambi yoona za maiko a atsamunda ku Institute of Education, komwe ankaphunzitsa aphunzitsi ndi oyang'anira sukulu opita ku Africa ndi ku Asia, komanso ophunzira ochokera m'maikowo. Adali m'gulu limene lidalemba lipoti la 1944 lotchedwa Mass Education in African Society, lolimbikitsa sukulu za kwacha ndi maphunziro a akuluakulu, amayi omwe. Adalinso mu komiti ya Elliot yoona za maphunziro apamwamba ku West Africa, imene ntchito yake idatsogolera kutsegulidwa kwa makoleji a ukachenjede ku Ibadan ndi ku Gold Coast mu 1948. Mu 1949 adakhala pulofesa, ndipo adapuma mu 1955.

Mabuku ake awiri a Angoni adatuluka atapuma kale: The Ngoni of Nyasaland mu 1956 ndi Children of Their Fathers mu 1959, patapita zaka pafupifupi 20 chichokere m'midzi imene ankaifotokoza. Dziko la m'mabukumo lidali litasintha. Gomani Wachiwiri, amene adamulandira pa Lizulu, boma lidamuchotsa pa ufumu mu 1953 chifukwa chokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ndi kulimbikitsa anthu ake kunyozera malamulo a malimidwe, ndipo adamwalira mu 1954. Buku lachiwiri lija lidasindikizidwanso ku America mu 1968, dzina la Malawi litalowa m'malo mwa Nyasaland pamutu pake, ndipo lidawerengedwa ndi ophunzira ambiri a uphunzitsi ndi chikhalidwe. Kwa ambiri a iwo, mwana wa ku Malawi adali mwana wa Chingoni woleredwa ndi agogo a kuchimuna. Ngakhale kuno kwathu, amene akufuna kudziwa za umsindo, laweni kapena nyumba za makhosikazi amabwererabe kwa Read, chifukwa palibe wina amene adalemba zambiri chotero akuluakulu oona ufumu wakale adakali moyo.

Pa ukalamba wake adaphunzitsa m'mayunivesite a ku America ndi kulangiza bungwe la World Health Organization, ndipo mu 1966 adatulutsa buku la Culture, Health and Disease. Adamwalira pa 19 Meyi 1991 ali ndi zaka 101. Makope ake a ku Nyasaland akusungidwa mulaibulale ya London School of Economics. Zolemba za kafukufuku wa zakudya uja, amene adasemphana ndi Platt, zidadzasindikizidwa mu 1992 ndi Veronica Berry ndi Celia Petty, patatha chaka chimodzi iye atamwalira.